A Loya Athu ndi Mkeka Wochedwa

Msuweni wanga Pelenato si loya. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa mukafika kwathu ku Logan, kufupi ndi mzinda wa Brisbane, kumene kumakhala ife Asamoa ambiri, n'kufunsa nyumba ya Pelenato anthu angokuyang'anani, koma mukati "kwa a Loya", ngakhale wogulitsa nyama pa mashopu paja akulozerani mpeni uli m'manja. Si loya, sanakhalepo loya, ndipo m'khoti analowamo koyamba ali bambo wamkulu kale, n'kukhala pa benchi ya kumbuyo pamodzi ndi ife tomwe.

Pakamwa ndiye anabadwa napo. Kwathu mwana wamwamuna amayenera kuthamanga ndi mpira wa ragibi, koma Pelenato mpira ukamabwera ankatseka maso. Anayenera kupeza masewera ena, ndipo anawapeza. Bambo ake atamwalira, amene ankaperekeza amayi ake kwa dokotala ndi kusukulu kukawamasulira Chingerezi anali iyeyo, kamunthu kowonda koyankhulira banja lonse. Dokotala akanena mawu awiri, iye ankamasulira khumi. Anakula akudziwa kuti akatsegula pakamwa akuluakulu amakhala chete, ndipo matenda amenewo sachizika.

Zimene anaphunzira ku yunivesite ku Brisbane ndi za mahotela. Inde, za mahotela: kulandira alendo, kuyala matebulo, kumwetulira munthu amene akukutukwana. Kungoti ku yunivesiteko ali ndi kachitidwe kakuti pambali pa maphunziro ako enieni umatolako kaphunziro kena kakang'ono, kongolawa, kuti digiri isaoneke yowonda. Anzake a m'kalasi anatola Chijapani kuti azitha kupereka moni kwa alendo. Mnzathuyu anatola za malamulo, chilungamo ndi ndale. Zinthu zikuluzikulu chonchi, zonse kuzipanikiza m'kaphunziro kapambali ka Lachinayi masana, anthu atakhuta akuwodzera.

Tsiku limene anafotokoza kunyumba ine ndinalipo, ndipo ndisamunamizire, anafotokoza bwinobwino. Anati, "Amayi, chachikulu ndi za mahotela, koma pambali ndikuphunzirako pang'ono za malamulo." Koma makutu a amayi ake, azakhali anga a Matalena, ali ndi sefa. Mahotela anadutsa, pambali panadutsa, pang'ono panadutsa, m'sefamo munatsala malamulo okha. Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zothokoza, misozi ili chuchuchu, n'kuuza mpingo wonse wa Asamoa kuti Mulungu wakumbukira mkazi wamasiye, mwana wawo akuphunzira uloya.

Ndinamugunyuza ndi chigongono. "Asuweni, simukuwakonza?"

"Iwe Siniva, munthu angatsutse amayi ake m'nyumba ya Mulungu?"

Kunyumbanso sanawatsutse. Kaya nakonso ndi nyumba ya Mulungu.

Tsiku lolandira digiri tinadzaza maminibasi. Tinamuveka nkhata za maluwa ndi za maswiti mpaka kunkaoneka maso okha. Chithunzi cha tsikulo azakhali anachipachika pabalaza, pamwamba pa cha malemu amuna awo, pansi pang'ono pa cha Yesu. Pa satifiketi za mahotela zinalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, za malamulo ndi tizilembo tonga nyerere. Amene anayandikira kuti awerenge palibe.

Ntchito anaipeza pa hotela ina ya m'tauni, pamalo olandirira alendo, ndipo ndi pomwe ali mpaka lero. Azakhali ankangoti mwana wawo amagwira ntchito mu mzinda, amavala suti. Bodza linali pati? Ntchitoyo amaidziwa, pamenepo ndisamuchitire nsanje. Anandiuzapo yekha kuti phunziro loyamba la za mahotela ndi lakuti mlendo akayamba kudandaula, iwe pepesa asanamalize, ngakhale cholakwa chisakhale chako. Pilo ndi yolimba, pepani. Kunja kukugwa mvula, pepani. Koma akaweruka n'kuchotsa kabaji ka dzina pachifuwa, munthu wa pepani uja ankatsala m'basi. Amene ankatsika pa siteji ndi a Loya.

Ndiye tinawaona a Loya! Pa chakudya cha Lamulungu, mutu wa nsomba kwathu ndi wa akulu, nkhani yake ilibe mtsutso. A Loya anafunsa ngati chilungamo ndi kupatsa munthu chifukwa anabadwa msanga kapena chifukwa ali ndi njala. Anatchula mzungu wina wakufa kalekale amene ati anaganizapo kwambiri za zimenezi. Pamene tinkati tiyankhe, mutu uja unali m'mbale mwawo, maso atayamwa kale. Ku tchalitchi anawauza abusa kuti munthu mmodzi sangalalikire, n'kusunganso makiyi a holo, n'kugamulanso amene achitiremo phwando, chifukwa mphamvu zimayenera kugawidwa. Abusa anathokoza n'kuwapatsa makiyiwo, ndipo kuyambira pamenepo wotsala kusesa m'holo maphwando akatha anali a Loya. Chisankho chikayandikira ankatisonkhanitsa m'galaja kutiphunzitsa chipani choyenera kuvotera, ife tili duu, kumvetsera mwaulemu. Ambirife sitivota n'komwe. Mapasipoti athu ndi a ku New Zealand, kumene makolo athu anayamba aima pochoka ku Samoa, ndipo kuno timangokhala ndi kugwira ntchito ngati alendo okhalitsa. M'banja lonse amene anathamangira za unzika mpaka kuupeza anali Pelenato yekha.

Koma chiphunzitso chake chachikulu, chimene anatuluka nacho m'kalasi ya Lachinayi ija, chinali chachifupi: osavomera kanthu. Wakanda galimoto ya munthu poimika yako, osavomera kanthu. Galu wako waluma wobweretsa makalata, osavomera kanthu. Ati amene akukuimba mlandu ndiye abweretse umboni, iwe ntchito yako ndi kutseka pakamwa. Tinkaseka, poti milandu yathu nthawi imeneyo inali ya agalu ndi magalimoto.

Amene sankaseka anali mng'ono wake, Malaki. Malaki ndi chimunthu chachikulu choti polowa pakhomo chimapendekera, koma chofatsa ngati mwana. Ankayendetsa kagalimoto kokweza katundu m'nyumba zosungira katundu, ankasewera ragibi, ndipo anali ndi mkazi wake Fetu ndi kamwana kakakazi kongoyamba kukwawa. Kuno anabwera ali khanda la m'manja. New Zealand ankangoiona pa chikuto cha pasipoti. Ife dzina la Loya tinkalitchula ndi mbali imodzi ya pakamwa, koma Malaki ankalitchula ndi mtima wonse. Mkulu wake akayamba kuyankhula, iye ankasiya kutafuna.

Loweruka lina masana, mpira wa matimu a mipingo utatha, Malaki anakangana ndi Uelese pamalo oimika magalimoto. Uelese ndi mwana wa mayi Tutasi, amene akhala akuimba ndi azakhali m'kwaya kuyambira ife tili ana. Awiriwa anakulira limodzi. Nkhani yake inali yopusa, ya mpira umene Malaki anagwetsa, Uelese n'kumangomuseka osasiya, anthu akumva. Malaki anaponya chibakera chimodzi. Uelese anagwa chagada n'kumenyetsa mutu pa simenti ya m'mphepete mwa msewu. Ambulansi inabwera, apolisi anabwera. Pamalopo panali anthu oti n'kudzaza tchalitchi, koma apolisi atafunsa, zinapezeka kuti nthawi imeneyo aliyense anali atawerama kumanga zingwe za nsapato. Palibe anaona kanthu.

Madzulo omwewo banja linasonkhana kwathu, poti bambo anga, a Falaniko, ndiwo mkulu wa banja. Zokambirana zinalibe zambiri. Magazi akatuluka, Msamoa aliyense amadziwa kuti chatsala ndi ifoga. Mumadzuka dzuwa lisanatuluke, kukakhala pansi panja pa nyumba ya anthu amene mwawalakwira, mkulu wa banja atafunda mkeka waulemu, uja wa nthenga zofiira, ena nonse mitu zyoli. Simugogoda, simuyankhula. Dzuwa likuotcheni, mvula ikunyowetseni, mumadikira basi. Eni nyumba akatuluka n'kuvundukula mkekawo ndiye kuti akhululuka, mumalowa m'nyumba n'kudyera limodzi. Bambo anali atautulutsa kale pansi pa matiresi, pamene unkagona chichokereni ku Samoa.

Kenako analowa a Loya, suti ili m'thupi, kabaji atachotsa.

"Amalume, mkekawo bwezani pamene mwautenga."

Bambo anakweza maso. "Wati chiyani, mphwanga?"

"Apolisi alibe kanthu m'manja. Anthu onse akuti sanaone. Uelese ali kuchipatala, sakukumbuka n'komwe. Ndiye inu mawa mukakhale pa kapinga wa anthu mutafunda mkeka, msewu wonse ukujambula pa foni? Kumeneko n'kumugwira Malaki pa dzanja kukamusiya kupolisi. Ndipo lamulo mukulidziwa? Munthu wopanda unzika akagamulidwa kukhala kundende chaka kapena kuposerapo, akamaliza sabwerera kunyumba. Amamukweza ndege kumubweza kudziko la pasipoti yake."

Pamenepo sankanama ayi. Tonse tinkadziwa mabanja amene ana awo anakwezedwa ndege chomwecho, osabweranso. Fetu anafinya mwana wake pachifuwa mpaka mwanayo analira.

Malaki anali atakhala pansi pakona, dzanja lotupa ataliika pabondo. "Achimwene, ine ndinamumenyadi. Ndikufuna ndikapepese."

"Mawu amenewo usawatchulenso, ngakhale kutulo. Wamva?"

"Koma ndi Uelese, achimwene."

"Ukufuna mwana wakoyu akule akukuonera pa foni?"

Malaki anaweramitsa mutu. "Ndamva, a Loya."

Bambo anga ndi munthu wabwino, koma amakondwa wina akawagamulira nkhani. Komanso mawondo awo ndi otupa, kukhala pansi tsiku lonse sankakulakalaka. Anapinda mkeka pang'onopang'ono. "Wophunzira wanena," anatero. Azakhali anauyang'ana mkekawo nthawi yaitali. Ndinaona kuti mtima wawo uli kwa mayi Tutasi. Koma munthu unaimirira m'tchalitchi kulengeza kuti wabereka loya, lero ungamutsutse bwanji pa za malamulo?

Ine ndinali pakhomo la khitchini, kumene maganizo a munthu sawerengedwa, koma pakamwa panga sipamva. "Nanga asuweni, anthu aja tikakumana nawo ku tchalitchi maso tiziika pati?"

"M'buku la nyimbo. Wina akakufunsani, muzingoti sitingayankhulepo."

Sitingayankhulepo! Abale inu, mwana wa anthu ali chigonere, nsagwada zomanga ndi waya, ife sitingayankhulepo. Magazi anandiwira, koma bambo anali atanena kale, ndipo mkeka unabwerera pansi pa matiresi.

Sabata yotsatira, mapemphero atatha, mayi Tutasi anawatsatira azakhali panja n'kuwagwira dzanja. Maso awo anali otupa, koma anayankhula mofatsa. "A Matalena, ife masiku ano timadzuka molawirira. Geti sititseka." Munthu wamakutu akanamva. Azakhali anayang'ana kwa mwana wawo, amene anaima chapatali atapinda manja, akupukusa mutu pang'ono. Ndiye ndi pakamwa pomwe ankaimbira nawo limodzi pamaliro ndi paukwati, azakhali anati, "Sitingayankhulepo." Mayi Tutasi anasiya dzanjalo pang'onopang'ono. Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha.

M'galimoto a Loya anatifotokozera kuti mayi aja ankatchera msampha kuti tivomere. "Ndale zimenezo. Ndinaphunzira."

"Asuweni," ndinatero, "kaphunziro kanu kaja kanali ndi mayina atatu. Malamulo tawaona, ndale taziona. Nanga chilungamo munachifika, kapena tsiku limenelo munadwala?"

"Chilungamo ndi nkhani yaitali, Siniva. Akatswiri enieniwo sagwirizana tanthauzo lake."

"Nanga za Uelese amene akumwa phala ndi kapaipi, akatswiri akuti chiyani?"

"Iwe ukufuna chilungamo, ine ndikufuna mng'ono wanga agone kwawo," anatero. Mantha ake anali enieni, zimenezo sindinazikayikepo.

Malaki anayesapo kamodzi. Anagula nthochi ndi malalanje, anafika mpaka poimika magalimoto pa chipatala. Munthu wina aliyense akanangotsika n'kulowa. Koma Malaki ndi Malaki, anayamba waimbira foni mkulu wake kupempha chilolezo. A Loya anamuuza kuti pa chipatala pali makamera ngodya iliyonse, atembenuke msanga. Anatembenuka. Zipatso zija zinawolera m'galimoto.

Masabata anadutsa, apolisi osabwera. Eee, ndiye mukanamuona msuweni wanga! Chifuwa patsogolo, manja kumbuyo, kuyankhula akuyang'ana kudenga. "Mwaona? Umboni palibe. Zinthu izi zimafuna sukulu." Bambo ankavomera ndi mutu. Malaki anawonda, anasiya mpira, popita kuntchito ankazungulira kutali kuti asadutse msewu wa kwa Uelese. Koma anali panja, akugona kunyumba kwake, ndiye wotsutsa akanakhala ndani?

Tsiku lina Malaki anakamugwirira kuntchito, m'mawa, anzake akuona. Apolisi anali ndi kanema wa pa foni, woyera bwino, woonetsa chibakera kuyambira paphewa mpaka pansagwada. Mboni zinachuluka moti anachita kusankha. Anthu onse omanga zingwe za nsapato aja anakumbuka mwadzidzidzi, mpaka mtundu wa masokosi amene Malaki anavala tsikulo.

"Zatheka bwanji?" Pelenato ankangobwereza, atagwira m'mutu. "Anthu aja ananena okha kuti sanaone!"

Boma linatipatsa loya weniweni, mayi wowonda, wotopa, wachimfine, wonyamula milandu ya anthu ambirimbiri m'chikwama chong'ambika. Ataona suti ya Pelenato anafunsa ngati nayenso ndi loya. Tonse tinatembenuka kumuyang'ana.

"Ayi. Ndine mkulu wake basi."

Mayiyo anati ndi kanema ameneyo kukana n'kutaya nthawi, chatsala n'kupempha woweruza kuti chilango chisafike chaka. Kenako anafunsa, "Chichitikireni zimenezi, pali chimene iyeyu kapena banja munachita choonetsa chisoni? Kukamuona wovulalayo, kupepesa, chilichonse? Oweruza amafunsa zimenezo." Pelenato anapukusa mutu. Mayiyo anamina, n'kutseka chikwama chake.

Madzulo a tsiku lomwelo Pelenato anabwera kwathu. "Amalume, tulutsaninso mkeka uja. Koma pansi pake ndikhala ndine." Bambo sanatsutse, ndipo mawondo awo anakondwa.

Tinakhala pa kapinga wa mayi Tutasi kuyambira mbandakucha. Unali Disembala, dzuwa lathu lija losaseka ndi munthu. Pelenato anabwera wopanda suti, wopanda nsapato, atamanga nsalu m'chiuno, ndipo bambo anamufunditsa mkeka. Azungu oyendetsa agalu ankachedwetsa phazi. Mmodzi anaima n'kufunsa ngati mkekawo tikugulitsa. Nyerere zinatiyenda, thukuta linatsika, azakhali ankalira osatulutsa mawu. Ndinkaona mkekawo ukukwera ndi kutsika ndi mpweya wa munthu amene anali m'katimo. Chibadwire, msuweni wanga anali asanakhalepo nthawi yaitali chonchi osafotokozera munthu aliyense chilichonse. Ndinamumvera chisoni, ngakhale mkwiyo unali usanandichoke.

Chitseko chinatseguka dzuwa litapendeka. Mayi Tutasi anatuluka okha, anaima kanthawi, n'kuvundukula mkeka. Ataona kuti si bambo anga koma Pelenato, anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ooh, atumiza a Loya. Lowani. Koma chakudya mulibe."

Tinalowa. Uelese anali pampando, atawonda, akupendeketsa mutu kuti amve ndi khutu limene linatsala. Mayi Tutasi sanakweze mawu. Ine ndikanakonda akanatilalatira.

"A Matalena, tsiku lomwe lija ndinawauza anthu onse kuti atseke pakamwa, a kwa Matalena akubwera mawa. Mtsikana amene anajambula ndinamuuza kuti mkeka ukangofika pa kapinga, afufute. M'mawa uliwonse ndinkadzuka kuphika talo, chilazi chakwathu chija, kuwiritsa koko wakumwa, kutsegula makatani. Ana anga anatopa n'kudya chakudya cha alendo." Anatembenukira kwa Pelenato. "Inu a Loya, mumayesa mpingo wonse uja unachita khungu tsiku limodzi? Tinkakusungirani malo."

Pelenato anagwetsa nkhope, mayiwo n'kupitiriza.

"Ngakhale mutandiyankha zija ku tchalitchi, ndinaphikabe. Ndinaleka tsiku limene uyu anatuluka m'chipatala. Atangolowa m'nyumba muno, akuyankhula mano ali otseka, anafunsa kuti, Malaki anabwera?" Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Ife takhululuka. Koma kanema ali kupolisi, ndipo apolisi savundukula mikeka."

Anasunga mawu awo. Tsiku la mlandu anabwera ndi Uelese, n'kuuza khoti kuti pakati pa mabanja awiriwa nkhani inatha. Woweruza anamvetsera, anayamikira mwambo wathu ndi mawu okoma, kenako anafunsa kuti mkekawo unapita liti. Atamva kuti unapita Malaki atamangidwa kale, anavula magalasi. Anati kupepesa kwa munthu amene wagwidwa kale kumakhala kopepuka. Chilango chinapitirira chaka ndi miyezi yochepa chabe, ndipo miyezi yochepayo ndi imene inamukweza Malaki ndege. Kuchokera kundende sanapondenso kunyumba.

Mkeka ukanapita m'mawa woyamba uja zikanatha bwanji, ine sindikudziwa. Mwina apolisi akanamvabe, mwina zimene Pelenato ankaopa zikanachitikadi. Ine sindine loya. Chimene ndikudziwa n'chakuti talo ankaphikidwa, ndipo geti linali lotsegula.

Lero Malaki ali ku Auckland, ku New Zealand, m'kachipinda ka lendi, akukweza katundu wa anthu ena, akumva kuzizira kumene sanakuzolowere. Fetu sangamutsatire, amayi ake akudwala impso ndipo wowasamalira ndi iye yekha. Kamwana kaja kayamba sukulu, ndipo bambo ake kamawaonera pa foni, monga mmene a Loya ananenera. Pamenepo pokha analosera molondola.

Azakhali sanachotse chithunzi chija pabalaza, koma nkhata ya maluwa apulasitiki imene inkalendewera pamenepo anaichotsa, ndipo mwana wawo amamutchula Pelenato. Makiyi a holo anabwerera kwa abusa. Chisankho chapitachi m'galaja munali galimoto. Anthu a pamashopu okha ndi amene sanamve kuti ofesi inatsekedwa.

Tsiku lina ndili m'tauni ndinadutsira pa hotela yake. Ndinamupeza ali ndi mlendo wa nkhope yofiira, akudandaula kuti madzi a m'dziwe losambira ndi ozizira. Mlendoyo asanafike pakati pa dandaulo lake, msuweni wanga anali atapepesa kale, mokoma, dzanja pachifuwa, mpaka munthu uja anachita manyazi n'kuyamba kuseka. Amaitha ntchito imeneyi. Ndi imene anaphunzira zaka zonse za ku yunivesite, ija ya zilembo zikuluzikulu. Ndinali ndi mawu okonzeka palilime, poti msuweni ndi womusereula, koma ndinawameza n'kumufunsa za basi.

Lamulungu lililonse tikamadya, Malaki amatiimbira foni. Foni imazungulira tebulo. Amayamba ndi mwana wake, kenako Fetu, kenako azakhali ndi bambo, ine ndimamunyoza pang'ono kuti ndevu zamuipitsa. Pomaliza amafunsa mkulu wake. Sanamuimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi. M'mutu mwake, akanapanda mkulu wake akanamangidwa Loweruka lomwe lija. M'banja lonse watsala yekha kutchula dzina lija, ndipo amalitchulabe ndi mtima wonse.

Malamulo a anthu okwezedwa ndege Pelenato anawawerenga kuposa zonse zimene anawerengapo ku yunivesite. Anapita kwa maloya enieni, atachoka kwa uyu kupita kwa uyo. Yankho amalidziwa, ndipo tonse pa tebulopo timalidziwa, kupatula munthu amene ali pa foniyo.

"A Loya, muli bwanji? Nanga njira yobwerera ija, mwaipeza?"

Mutu wa nsomba uli m'mbale ya bambo, palibe akuufunsa. Pelenato amayandikitsa foni, n'kumwetulira kumwetulira kwake kwa ku hotela kuja.

"Ndikuwerengabe, Malaki. Ndikuwerengabe."